Pemphero limene linapsetsa mtima Pelagius

Cha m'ma 405, mumzinda wa Rome, bishopu wina anatchula pagulu mawu a pemphero lochokera m'buku lotchedwa Confessiones la Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa. Pempherolo linali lalifupi: "Ndipatseni chimene mukulamula, ndipo lamulani chimene mufuna." Pakati pa omvera panali Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain, amene anthu ambiri ankamulemekeza chifukwa cha moyo wake wodziletsa. Atamva mawuwo anapsa mtima. Augustine mwini ndiye analemba pambuyo pake kuti Pelagius anatsutsa mwaukali moti anatsala pang'ono kukangana ndi bishopuyo.

Munthu wozolowera mapemphero a m'tchalitchi angadabwe kuti cholakwika n'chiyani pamenepa. Koma Pelagius anali ndi chifukwa chomveka. Panali patangopita zaka ngati 25 kuchokera mu 380, pamene mfumu Theodosius inalamula kuti anthu ake onse atsate chikhulupiriro cha Chikhristu, ndipo mabanja olemera a ku Rome ankalowa mumpingo ndi akapolo awo, zibwenzi zawo ndi umbombo wawo wonse, osasiya kalikonse pakhomo. Akadzudzulidwa ankayankha kuti thupi ndi lofooka. Tsono apa bishopu wotchuka akuuza Mulungu kuti kumvera kumene, apereke ndi Mulungu yemweyo. Kwa Pelagius uku kunali kuyalira waulesi mphasa. Wosamvera adzangoti: ine sindinapatsidwe.

Mkangano wa anthu awiriwa ambiri amaufupikitsa ponena kuti unali wa ufulu wa munthu. Ufulu ulimo ndithu, koma funso limene linali pansi pake ndi ili: Mulungu akamathandiza munthu, amaima panja n'kumamulangiza, kapena amalowa mpaka mkati mwa kufuna kwake? Funso limeneli siliyankhika popanda kukhudza za Utatu Woyera, ndiponso popanda kudziwa sukulu imene onse awiri anadutsamo, ya mabuku a Agiriki ndi Aroma.

Pelagius sankakana chisomo. Ankagawa nkhani ya kuchita zabwino patatu: kutha, kufuna, ndi kuchita. Kutha n'kochokera kwa Mulungu, amene anatilenga ndi nzeru ndi ufulu wosankha. Kufuna ndi kuchita n'zathu. Pamwamba pa chilengedwe chabwinocho Mulungu anawonjeza Malamulo, chiphunzitso ndi chitsanzo cha Yesu, ndiponso chikhululukiro cha machimo pa ubatizo, ndipo zonsezi Pelagius ankazitcha chisomo. Adamu anatipweteka potisonyeza njira yoipa, mibadwo n'kuizolowera. M'kalata imene analembera Demetrias cha m'ma 413, mtsikana wa banja lolemera kwambiri amene anakana ukwati kuti adzipereke kwa Mulungu, Pelagius anayerekeza zimenezi ndi dzimbiri lophimba chitsulo. Chitsulocho n'chabwinobwino, Malamulo ndiwo tupa lochotsera dzimbirilo. Ndipo popeza Mulungu ndi wolungama, sangalamule chimene munthu sangathe.

Maganizo amenewa anali ndi mizu yakale kuposa Chikhristu. Aristotle anaphunzitsa kuti munthu amakhala wolungama pochita zolungama, monga mmisiri amadziwa kumanga pomanga, woyimba zeze amadziwa kuyimba poyimba. Afilosofi otchedwa Asitoiki ankati chuma, thanzi ndi mbiri sizili m'manja mwathu, koma khalidwe lili m'manja mwathu mokha. Cicero, m'buku lake lonena za milungu, anaika mkamwa mwa mmodzi wa olankhula ake mfundo yakuti anthu amathokoza milungu chifukwa cha minda, ulemu ndi kupulumuka ku ngozi, koma palibe amene anathokozapo mulungu chifukwa chokhala munthu wabwino, poti ubwinowo ndi ntchito ya mwini wake ndipo n'chifukwa chake amatamandidwa nawo. Mwana aliyense wa m'banja lophunzira ankayamwa zimenezi limodzi ndi galamala. Pelagius anali Mkhristu weniweni wokonda Malemba, koma pa mfundo iyi anali pafupi ndi Cicero.

Akhristu anali atalimbana kale ndi funso la chochita ndi maphunziro amenewa. Tertullian wa ku Carthage anafunsa cha m'ma 200 kuti Athens ali ndi chiyani ndi Yerusalemu. Jerome, womasulira Baibulo m'Chilatini, analota ali pabwalo la chiweruzo akuuzidwa kuti ndi wotsatira Cicero, si Mkhristu. Augustine anati zoona zimene afilosofi anapeza zili ngati golide amene Aisraeli anatenga potuluka ku Iguputo: zitengedwe, zigwire ntchito yabwino.

Iye mwini anali mwana wa sukulu imeneyo kuposa Pelagius. Anabadwa mu 354 ku Thagaste, kumene lero ndi Souk Ahras m'dziko la Algeria. Ali mnyamata ankalira powerenga imfa ya Dido m'ndakatulo za Virgil. Ali ndi zaka 19 anawerenga Hortensius ya Cicero, mtima wake n'kuyaka ndi chikondi cha nzeru. Atatsegula Baibulo analiona lopanda luso poliyerekeza ndi Cicero, n'kulitseka. Kwa zaka ngati 9 anali ndi gulu lotsatira Mani, limene linkaphunzitsa kuti choipa ndi mphamvu ina yamdima yosakanikirana nafe, kotero kuti wochimwa si iwe, ndi mdimawo. Atafika ku Milan mu 384 kukaphunzitsa luso la kulankhula, anamva maulaliki a Ambrose, bishopu wa mzindawo, ndi kuwerenga mabuku a otsatira Plato. Mabukuwo anamumasula ku Mani: anaona kuti Mulungu ndi mzimu, ndiponso kuti choipa si chinthu cholengedwa, ndi kuperewera kwa ubwino, monga bowo pa nsalu.

Apa ndi pamene mbiri yake inasiyana ndi zimene sukulu inalonjeza. Afilosofi ankati ukadziwa chabwino uchichita. Augustine anali atachidziwa, koma sankatha kusuntha. Anasimba kuti ali wachinyamata ankapempha Mulungu kuti amupatse kudziletsa, koma osati msanga. Ankaona kuti mtima ukalamula dzanja, dzanja limamvera nthawi yomweyo, koma mtima ukadzilamula wokha umadzikaniza. Mabuku a otsatira Plato, iye anati, anali ngati kuima paphiri n'kuona kwanu patali, njira yopitira osaipeza. Mu 386, ali m'munda ku Milan akulira, anamva mawu ngati a mwana akuyimba kuti tenga, werenga. Anatsegula makalata a Paulo, maso ake n'kugwera pa Aroma 13:13-14, ndipo kukayika kunatha. Ambrose anamubatiza pa Pasaka wa 387.

M'buku lomwelo la Confessiones, limene analemba cha pakati pa 397 ndi 400, muli nkhani imene ambiri amadabwa kuti anaitayira nthawi yaitali chotere. Ali ndi zaka 16, iye ndi anzake anapita usiku kukagwedeza mtengo wa zipatso wa munthu wina pafupi ndi munda wa kwawo. Unali mtengo wa mapeyala a kumayiko ozizira, osiyana ndi amafuta amene timadya kwathu kuno. Njala analibe, kunyumba kunali zipatso zabwino kuposa zimenezo, ndipo zambiri anakaponyera nkhumba. Akanaba chifukwa cha njala, Aristotle akanatha kufotokoza. Koma iye anakonda kulakwako chifukwa kunali kulakwa, ndipo anavomereza kuti akanakhala yekha sakanachita. Amene anachitapo choipa chopanda phindu, n'kudzifunsa m'mawa kuti kodi ndimafuna chiyani, amadziwa kuti nkhaniyi si yaing'ono. Augustine anaona kuti vuto silili pamwamba ngati dzimbiri. Chikondi chenichenicho ndicho chinapindika, ndipo munthu amasankhadi mwaufulu, koma amasankha chimene amakonda. Nanga chikondi chopindikacho angachiwongole ndi chiyani, pamene chida chowongolera ndi chomwecho?

Cha m'ma 396, Simplicianus wa ku Milan anamutumizira mafunso, limodzi lokhudza Yakobo ndi Esau pa Aroma 9. Kale Augustine ankaganiza kuti munthu amayamba yekha kukhulupirira, Mulungu n'kupitiriza. Poyankha funsolo anasintha maganizo. Atakalamba analemba kuti pa ntchito imeneyo anayesetsa kuteteza ufulu wa munthu, koma chisomo cha Mulungu chinapambana. Vesi limene linamugwira linali 1 Akorinto 4:7, lofunsa kuti uli ndi chiyani chimene sunalandire. Ngati palibe, ndiye kuti ngakhale chikhulupiriro choyambacho ndi cholandira. Zonsezi zinachitika Pelagius asanamveke.

Liwu la Chilatini limene ankakanganirana ndi gratia, ndipo Augustine ankakonda kukumbutsa kuti limatchedwa choncho chifukwa limaperekedwa gratis, kwaulere. Achikatolika a kwathu akamapemphera kuti Maria wa chaulere chodzaza, agwira mbali imeneyi bwino lomwe. Liwu la chisomo, limene lili m'Buku Lopatulika ndi m'nyimbo za mipingo yambiri, masiku ano limamveka pafupipafupi ngati mwayi: ntchito yapezeka, visa yatuluka, ndi chisomo. Kuthokoza kotere n'koyenera, koma Cicero akanagwirizana nako mosavuta. Chimene Augustine ankatanthauza n'cholemera kuposa apa: kuti munthu ayambe kukonda chimene dzulo ankadana nacho.

Kuti timvetse chimene chimalowa mumtimamo, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Cha m'ma 318, Arius, wansembe wa ku Alexandria, anaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ndi wolengedwa, wamkulu kuposa zolengedwa zonse, koma inalipo nthawi imene kunalibe. Maganizowa ankagwirizana ndi nzeru za Agiriki, zimene zinkaika Mulungu wam'mwambamwamba kutali ndi dziko, pakati pake n'kuikapo ena otsikirapo. Mu 325 mfumu Constantine inaitanitsa mabishopu ku Nicaea, ndipo anagamula kuti Mwana ndi homoousios ndi Atate, kutanthauza kuti chimene Atate ali ndi chomwecho chimene Mwana ali. Liwulo m'Baibulo mulibe, linachokera m'chilankhulo cha anthu ophunzira, ndipo ambiri analikana pa chifukwa chimenecho. Mabishopu anabwereka chida cha afilosofi kuti atsekere khomo maganizo a afilosofi omwewo. Athanasius wa ku Alexandria, amene anathamangitsidwa pampando wake kasanu chifukwa cha nkhaniyi, ankabwerera pa mfundo imodzi: wolengedwa sangalumikize wolengedwa mnzake ndi Mulungu. Ngati Yesu amapulumutsa, ndi Mulungu. Ena atayamba kunena kuti Mzimu ndiye wolengedwa, anagwiritsa ntchito mfundo yomweyo, ndipo msonkhano wa ku Constantinople mu 381 unavomereza kuti Mzimu Woyera ndi Ambuye wopatsa moyo, wopembedzedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana.

Augustine analandira chikhulupiriro chimenechi chitakhazikika kale, ndipo anatha zaka pafupifupi 20 akulemba De Trinitate, mabuku 15. Liwu la trinitas anali atalisiya Tertullian. Augustine ankadziwa kupereŵera kwa mawu onsewa. Pa liwu la personae, limene amatchulira atatuwo, anati timalinena kuti tisangokhala chete tikafunsidwa kuti atatu chiyani, osati chifukwa lafotokoza zonse. Anafunafuna chithunzi cha Utatu mwa munthu, poti munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo anapeza kukumbukira, kumvetsa ndi kufuna: zitatu zosiyana, koma moyo umodzi. Anapezanso kuti pamene pali chikondi pali atatu, wokonda, wokondedwa, ndi chikondicho. Mzimu Woyera anamutcha Mphatso, ndiponso chikondi chimene Atate ndi Mwana amakondana nacho.

Tsono taikani pambali pa zimenezi Aroma 5:5, vesi limene Augustine ankalitchula mobwerezabwereza polimbana ndi Pelagius: chikondi cha Mulungu chatsanulidwa m'mitima mwathu mwa Mzimu Woyera amene wapatsidwa kwa ife. Chisomo, kwa iye, si katundu amene Mulungu amatumiza iye ali kutali. Wopatsayo ndiye mphatso. Ngati matenda a munthu ndi chikondi chopindika, mankhwala ake ndi chikondi cha Mulungu mwini chokhala mkatimo, ndipo chikondicho chiyenera kukhala Mulungu, apo ayi sichingachiritse, monga Athanasius ananenera. Mu 412 analemba buku lonena za Mzimu ndi chilembo, pofotokoza kuti lamulo limasonyeza chabwino koma silipatsa munthu kukondwa nacho. Mwana amene sabanso shuga chifukwa choopa mkwapulo akadali wakuba mumtima. Pelagius anali ndi Mulungu mlengi, wopereka malamulo, mphunzitsi ndi woweruza. Ankavomereza Utatu mosakayika, koma m'chiphunzitso chake cha khalidwe Mzimu anali ndi ntchito yochepa mkati mwa kufuna kwa munthu. Ine ndimaona kuti apa Augustine anaona patali. Pelagius ankalemekeza munthu, koma uthenga wake ndi wolemera kwa amene wayesa kambirimbiri n'kulephera, chifukwa chimene angamuuze ndi choti ayesenso.

Zochitika zake zinayenda mofulumira. Mu 410 Alaric, mfumu ya mtundu wa Goth, ndi ankhondo ake analanda Rome, anthu ambiri n'kuthawira ku Africa, pakati pawo Pelagius ndi wophunzira wake Caelestius. Pelagius anapitirira ku Palestine. Caelestius anatsala ku Carthage, kumene anatsutsidwa cha m'ma 411. Mu 415 mabishopu a ku Palestine, pa msonkhano wa ku Diospolis, anapeza Pelagius wosalakwa. Mabishopu a ku Africa anadandaula kwa Papa Innocent I, amene anagwirizana nawo mu 417, koma atamwalira, Papa Zosimus anayamba wakomera mbali ya Pelagius. Aafirika sanagonje. Mu 418 mfumu Honorius inalamula kuti Pelagius ndi Caelestius achotsedwe ku Rome, mabishopu oposa 200 anakumana ku Carthage pa 1 May, ndipo Zosimus anatembenuka. Tisabise: mphamvu ya boma inathandiza kuthetsa mlanduwu, ndipo zimenezo sizikometsa mbiri ya opambana.

Mbali yowawa ya nkhaniyi ndi ya makanda. Augustine ankafunsa kuti ngati ubatizo ndi wokhululukira machimo, ndipo amayi amathamanga ndi makanda odwala kukabatizitsa, makandawo akukhululukidwa chiyani? Yankho lake ndi limene timalitcha tchimo lobadwa nalo: mtundu wonse wa anthu unali mwa Adamu, ndipo mwana amabadwa ndi chilema ndi mlandu womwe. Baibulo lake la Chilatini linamulimbikitsa, chifukwa pa Aroma 5:12 linali ndi mawu akuti in quo, amene iye anawamva kuti mwa iye, mwa Adamu, onse anachimwa. Chigiriki cha Paulo omasulira ambiri amachimva kuti chifukwa onse anachimwa, ndipo Augustine, amene anavomereza kuti Chigiriki ankadana nacho kusukulu, anatsamira kwambiri pa Chilatinicho. Chiphunzitso chake sichinaime pa vesi limodzi lokhali, koma vesili linachikhwimitsa. Mapeto ake anati khanda lomwalira losabatizidwa limatayika, ngakhale chilango chake n'chopepuka kuposa cha ena onse.

Amene anamuyankha mwamphamvu anali Julian, bishopu wachinyamata wa ku Eclanum ku Italy, mmodzi wa mabishopu amene anachotsedwa pampando chifukwa chokana kusaina kalata ya Zosimus yotsutsa Pelagius. Julian anafunsa kuti Mulungu wolanga khanda chifukwa cha tchimo la wina angatchedwe bwanji wolungama, pamene woweruza wa padziko atachita zomwezo tingamutche wankhanza. Anati Augustine sanasiyiretu Mani. Anatchulanso John Chrysostom, bishopu wakale wa ku Constantinople, amene analalikira kuti timabatiza makanda ngakhale alibe machimo. Augustine anayankha kuti Chrysostom ankanena za machimo awoawo, ndipo anamwalira akulembabe buku loyankha Julian. Pa mfundo iyi mtima wanga uli ndi Julian. Amene anaikapo mwana m'manda sangamve mawu akuti chilango chopepuka ngati chitonthozo, ndipo munthu amene anaphunzitsa kuti Mzimu Woyera ndi chikondi anali ndi zonse zofunika kuti ayembekezere zabwino kuposa pamenepa. Mipingo ya Kum'mawa, yolankhula Chigiriki, inkaphunzitsa kuti tinalandira imfa ndi kufooka kuchokera kwa Adamu, koma sinatsindike za mlandu wobadwa nawo monga anachitira Augustine.

Panalinso funso lina limene sanathe kulithawa. Ngati chikhulupiriro ndi mphatso, bwanji ena sapatsidwa? Augustine anayankha kuti Mulungu anasankhiratu, ndipo chifukwa chake n'chobisika. Pa 1 Timoteo 2:4, pamene akuti Mulungu afuna anthu onse apulumuke, anayesa kumasulira kuti onse akutanthauza anthu a mitundu yonse, ndipo kumasulirako kumamveka kokakamiza. Cha m'ma 426, ku nyumba ya amonke ya ku Hadrumetum, kumene lero ndi Sousse ku Tunisia, kunabuka chisokonezo atawerenga kalata yake ina. Panamveka mawu akuti ngati zonse n'chisomo, mkulu asatidzudzule tikalakwa, angotipempherera. Chimene Pelagius ankaopa ku Rome zaka 20 m'mbuyomo chinali chitafika pakhomo. Augustine anawalembera mabuku awiri. Anati kudzudzula kupitirire, chifukwa wolakwa walakwa mwa kufuna kwake, ndipo chidzudzulocho chingakhale njira imene Mulungu akumuchiritsira. Ankakonda kunena kuti chisomo sichichotsa ufulu, chimaumasula, ndipo mu ulaliki wina anati amene anakulenga popanda iwe sadzakulungamitsa popanda iwe.

Anamwalira pa 28 August 430, ali ndi zaka 75, ankhondo a mtundu wa Vandal atazinga Hippo. Bwenzi lake Possidius analemba kuti m'masiku omaliza anapempha kuti masalimo a kulapa alembedwe n'kupachikidwa pakhoma pafupi ndi bedi lake, ndipo ankawawerenga akulira. Chaka chotsatira msonkhano wa ku Ephesus unatsutsa otsatira Caelestius. Patapita zaka zoposa 1,000, Martin Luther, amene anali mmonke wa gulu lotchedwa ndi dzina la Augustine, ndi John Calvin anatolanso mfundo zimenezi, Akatolika n'kuwayankha pogwiritsa ntchito Augustine yemweyo. N'chifukwa chake mwana wa kalasi ku CCAP ndi mwana wa katekisimu ku parishi onse amaphunzira mawu osulidwa pa mkangano umenewu.

Koma amonke a kumwera kwa Gaul, dziko limene lero ndi France, sanakhutire. John Cassian wa ku Marseille, amene anaphunzira kwa amonke a m'chipululu cha Iguputo, ankati nthawi zina Mulungu amaona kachiyambi kakang'ono ka kufuna kwabwino mwa munthu n'kukalimbikitsa, nthawi zina amayamba ndi Iye. Nkhaniyi inakokedwa pafupifupi zaka 100, mpaka mu 529, pamene Caesarius wa ku Arles anatsogolera msonkhano waung'ono wa mabishopu ku Orange. Anagamula kuti chiyambi cha chikhulupiriro, ngakhale kufuna kupempha chisomo kumene, ndi ntchito ya Mzimu Woyera mwa ife. Anatemberera aliyense wonena kuti Mulungu anakonzeratu ena kuti achite zoipa. Ndipo anawonjeza kuti obatizidwa onse, Khristu akuwathandiza ndi kugwira nawo ntchito, angathe ndipo ayenera kuchita zofunika pa chipulumutso chawo ngati alimbikira mokhulupirika. Papa Boniface II anavomereza zigamulozi mu 531.